Kung'anima kwa Masekondi Ochepa: Momwe Matelesikopu Amatsatira Uthenga wa Masetilaiti

Kumapeto kwa 2025, mabungwe ofufuza zakuthambo a NASA wa ku America ndi ESA wa ku Ulaya analengeza kuti telesikopu ya James Webb yajambula nyenyezi imene inaphulika chilengedwe chili ndi zaka 730 miliyoni zokha. Pa nyenyezi zonse zimene kuwala kwa kuphulika kwake kwenikweni, kotchedwa supernova, kunajambulidwapo, iyi inali yakale kwambiri. Nkhaniyo inafala ndipo ulemu wonse unapita kwa Webb. Koma Webb imaona kadanga kakang'ono kwambiri ka thambo nthawi imodzi, ndipo ntchito zake zimakonzedweratu. Siingapeze chinthu chotere mwangozi. Alipo amene anaiuza koyang'ana, ndipo iyo inafika pomalizira penipeni, patadutsa miyezi itatu ndi theka.

Yoyamba kuona kung'anima kochokera ku nyenyeziyo inali setilaiti ya SVOM, ya mayiko a China ndi France, pa 14 March 2025. Pasanathe ola limodzi ndi theka, setilaiti ya Swift ya ku America inali itapeza malo enieni. Patapita maola 11, telesikopu ya Nordic Optical Telescope ya pa chilumba cha La Palma inaona kuwala kozilala pamalopo. Maola anayi pambuyo pake, Very Large Telescope ya ku Chile inayeza kutalika kwa mtunda. Kupatsirana kotereku kumachitika kambirimbiri pa chaka, ndipo pafupifupi zonse zimene tikudziwa za kuphulika kwa mtunduwu zinadziwika m'njira imeneyi.

Chimene chimaphulikacho

Kuwala kumene maso athu amaona ndi gawo lochepa chabe la kuwala konse. Kulinso mafunde a wailesi, kuli cheza cha X-ray chimene amaunikira nacho mafupa kuchipatala, ndipo champhamvu kuposa zonsezi ndi cheza cha gamma. Pafupifupi kamodzi pa tsiku, penapake kuthambo pamatuluka cheza chimenechi mwadzidzidzi, chochuluka kuposa cha thambo lonse kuphatikiza pamodzi, kenako n'kuzima. Akatswiri a zakuthambo amakutchula kung'anima kumeneku kuti gamma-ray burst, mwachidule GRB, ndipo amakupatsa dzina potengera deti. GRB 250314A ndi kung'anima koyamba kwa pa 14 March 2025.

Kulipo kwa mitundu iwiri. Kumene kumatenga masekondi oposa awiri nthawi zambiri kumachokera ku nyenyezi yaikulu kwambiri imene mafuta ake atha. Pakati pake pamakumuka n'kusanduka black hole, malo amene mphamvu yokoka ndi yaikulu moti ngakhale kuwala sikuthawa. Kosakwana masekondi awiri kumachokera ku nyenyezi ziwiri za neutron zimene zawombana. Nyenyezi ya neutron ndi chotsalira cha nyenyezi yakufa: m'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 20 basi, koma imalemera kuposa dzuwa.

M'mitundu yonse iwiri, mphamvu situluka mbali zonse. Imatuluka m'mipita iwiri yopapatiza, wina uku wina uku, pa liwiro loposa 99.99 peresenti ya liwiro la kuwala. Ife timaona kung'anima pokhapokha mpita umodzi utaloza kuno. Kuphulika kochuluka kumatidutsa osadziwa.

Setilaiti imaona, koma siloza bwino

Cheza cha gamma sichifika pansi pano chifukwa mpweya wozungulira dziko umachimeza. Ndi mwayi wathu, koma zikutanthauza kuti wofuna kuchiona ayenera kukweza zipangizo zake pamwamba pa mpweyawo. N'chifukwa chake oyamba kuona GRB sanali akatswiri a nyenyezi ayi. Anali masetilaiti a asilikali a ku America otchedwa Vela, amene ankalondera ngati pali dziko lomwe likuphwanya pangano la 1963 loletsa kuyesa mabomba a nyukiliya mumlengalenga. Pa 2 July 1967 anaona cheza chosafanana ndi cha bomba lililonse. Ray Klebesadel ndi anzake a ku Los Alamos anasindikiza nkhaniyi mu 1973, atasonkhanitsa kung'anima 16.

Kwa zaka 30 kuchokera pa tsiku loyambalo, palibe amene ankadziwa ngati zinthuzi zili pafupi kapena kutali. Vuto linali loti cheza cha gamma sichisonkhanitsika ndi galasi monga kuwala wamba, chimangoboola. Choncho chipangizo chimadziwa kuti chalandira cheza, koma chimangoyerekeza kumene chachokera. Chipangizo cha BATSE, chimene chinakwezedwa mu 1991 pa setilaiti ya Compton, chinaona kung'anima pafupifupi 2,700, koma malo amene chinkaloza anali aakulu moti mwezi wathunthu ukanalowamo maulendo ambirimbiri. M'dera lotere muli nyenyezi ndi milalang'amba yosawerengeka. Wolakwa ndi uti? Chimene BATSE inasonyeza bwino n'chakuti kung'animaku kumachokera mbali zonse za thambo mofanana, osati motsatira mlalang'amba wathu wa Milky Way. Ngakhale zinali choncho, mu 1995 Bohdan Paczyński ndi Donald Lamb anatsutsanabe pamaso pa anthu ku Washington, wina akuti n'zakutali kwambiri, wina akuti n'za m'mphepete mwa mlalang'amba wathu womwewu.

Makala otsala

Amene anaotchapo udzu wouma akudziwa kuti malawi amalilima kamodzi n'kutha, koma makala amanyekabe kwa nthawi, akumazilala pang'onopang'ono. Wofika mochedwa sapeza malawi, koma makalawo amamuuza pamene panali moto ndi chimene chapsa. GRB imachitanso chimodzimodzi. Mpita wothamanga uja ukawomba mpweya wochepa umene uli pakati pa nyenyezi, pamatuluka kuwala kotsalira: kwa X-ray, kooneka ndi maso, ndi kwa mafunde a wailesi. Kuwala kumeneku ndiko kungasonkhanitsidwe ndi galasi, ndipo ndiko matelesikopu amathamangira.

Kunaoneka koyamba pa 28 February 1997. Setilaiti ya BeppoSAX, ya Italy ndi Netherlands, inatembenuzidwa patatha maola 8 n'kupeza X-ray akuzilala. Gulu la Jan van Paradijs linajambula malowo ndi William Herschel Telescope ku La Palma tsiku lisanathe, ndipo litajambulanso patapita masiku, kadontho kena kanali katazimirira. Mu May chaka chomwecho, telesikopu ya Keck ku Hawaii inayeza mtunda wa GRB 970508 n'kupeza kuti kuwala kwake kunayenda zaka mabiliyoni angapo. Mkangano wa zaka 30 unathera pomwepo.

Changu chimafunika chifukwa cha kazilalidwe kake. Mwachisawawa tinganene kuti nthawi ikawonjezeka kakhumi, kuwala kumachepanso kakhumi. Chimene chikuoneka bwino pa mphindi yoyamba chimakhala chitachepa kakhumi pa mphindi ya 10, ndipo pofika usiku wotsatira chachepa maulendo 1,000. Katelesikopu kakang'ono kamene kafika m'mphindi imodzi kakhoza kuona zimene chitelesikopu chachikulu chingavutike nazo mawa lake.

Ulendo wa uthenga

Swift, imene inakwezedwa pa 20 November 2004, inapangidwa kuti ithetse kuchedwa kwa maola kuja. Ili ndi zipangizo zitatu. Choyamba, BAT, chimayang'ana dera lalikulu la thambo, ndipo chikaona kung'anima chimawerengera malo m'masekondi ochepa, kudera lochepa kakhumi poyerekeza ndi m'mimba mwa mwezi. Setilaitiyi inapangidwa kuti zikatero izitembenuka yokha, osadikira lamulo la munthu, ndipo m'mphindi imodzi kapena ziwiri matelesikopu ake awiri, ya X-ray ndi ya kuwala wamba, azikhala ataloza pamalopo. Ya X-ray ndiyo imachepetsa deralo mpaka kukhala kadontho koti telesikopu iliyonse padziko ingakapeze.

Setilaiti ikutembenuka choncho, uthenga umakhala utanyamuka kale. Umadutsa pa masetilaiti olumikizira a NASA n'kutsikira pansi, n'kulowa mu GCN, njira yofalitsira mauthenga imene Scott Barthelmy anaiyambitsa ku Goddard Space Flight Center mu 1993. Zonse zimene Swift yajambula mwatsatanetsatane zimatsika pambuyo pake, makamaka kudzera pa siteshoni ya Italy imene ili ku Malindi, m'mphepete mwa nyanja ku Kenya.

Mu GCN mumayenda mauthenga a mitundu iwiri. Ena ndi a kompyuta kupita ku kompyuta: manambala a malo ndi nthawi, opanda moni. Awa amalandiridwa ndi matelesikopu odziyendetsa okha, amene amasiya chimene amachita n'kutembenuka m'masekondi. Ena ndi timakalata tachidule tolembedwa ndi anthu, totchedwa Circulars, tomwe tapitirira 30,000. Kalembedwe kake ndi kouma: tinayang'ana ndi telesikopu yakuti, pa nthawi yakuti, taona kadontho kowala mwakuti pamalo akuti. Ngakhale amene sanaone kanthu amalemba, chifukwa kusaona kanthu pa mulingo wakutiwakuti kumathandiza wotsatira kusankha chochita. Ku gulu la Swift kumakhala katswiri wapantchito amene amamutcha Burst Advocate. Foni yake imalira nthawi iliyonse, kaya ndi pakati pa usiku kaya ndi pa Khirisimasi, ndipo kung'anima kumeneko kumakhala m'manja mwake mpaka kutazima. Paja wokwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima.

Matelesikopu odziyendetsa asonyeza kale zimene angachite. Pa 23 January 1999, ROTSE ya ku Los Alamos, yomwe inali magalasi anayi a makamera, inayamba kujambula patangotha masekondi 22, cheza cha gamma chisanazime. Pa 19 March 2008, makamera a Pi of the Sky ndi TORTORA ku Chile anajambula GRB 080319B, imene kwa pafupifupi theka la mphindi inawala moti munthu wa maso abwino, pamalo a mdima, akanaiona popanda chipangizo. Kuwala kumeneko kunali kutayenda zaka 7.5 biliyoni.

Kuyeza mtunda

Ntchito ya matelesikopu aakulu ndi ina. Iwo amagawa kuwala m'mitundu yake, monga zimachitikira mu utawaleza, n'kuyang'ana timizere takuda tomwe timaoneka pakati pa mitunduyo. Mpweya uliwonse umene kuwala kwadutsamo, kaya ndi hydrogen, magnesium kapena ayironi, umasiya timizere take pamalo odziwika. Popeza chilengedwe chikufutukuka, kuwala kochokera kutali kumatamuka panjira, ndipo timizere tonse timasunthira ku mbali yofiira. Kusunthaku amakutcha redshift, ndipo ndiko kumapereka mtunda. Popanda mtunda simungadziwe mphamvu, chifukwa chinthu chofooka chapafupi ndi champhamvu chakutali zimaoneka mofanana.

Kugawa kuwala chotere kumafuna kuwala kochuluka, choncho kuyenera kuchitika makala asanazime. Apa ndi pamene pamavuta, chifukwa usiku wa pa telesikopu yaikulu ndi wodula ndipo umakhala ndi mwini wake, amene anaupempha miyezi yapitayo. Mabungwe anakonza lamulo loti uthenga wofunika ukabwera, ntchito ya mwini usikuyo iimitsidwe. Very Large Telescope ili ndi njira yoti uthengawo uitembenuze yokha m'mphindi zosakwana 10. Woimitsidwayo sasangalala, ndipo amene amagawa nthawi amakakamizika kusankha kung'anima koyenera kusokonezera anthu ndi kosayenera.

Chizindikiro china n'chodabwitsa. Kung'anima kukakhala kutali kwambiri, hydrogen wa panjira amameza kuwala konse kooneka ndi maso, n'kungotsala cheza cha infrared, chimene chili kuseri kwa mtundu wofiira. Ndiye matelesikopu wamba akalemba kuti sanaone kanthu pomwe a infrared aona, akatswiri amadzidzimuka. N'zimene zinachitika ndi GRB 090423 mu 2009, ya redshift 8.2, komanso ndi GRB 250314A, ya redshift 7.3. Pa yachiwiriyi, nambala imeneyi ndiyo inauza akatswiri tsiku loitanira Webb. Kutamuka kwa kuwala kumachedwetsanso zochitika: pa redshift 7.3 chilichonse chimaoneka chikuchitika pang'onopang'ono maulendo oposa 8. Nyenyezi yophulika imene ikanafika pachimake m'masabata awiri inayenera kudikiridwa miyezi itatu ndi theka.

Kumene kwada ndi kumene kuli ntchito

Setilaiti ilibe usana kapena usiku, koma telesikopu ya pansi ili nawo. Uthenga ukafika, funso loyamba ndi lakuti: kwada kuti, ndipo kumeneko mbali ya thamboyo ili pamwamba kodi? Kuli mitambo? Mwezi ukuwala? N'chifukwa chake magulu monga MASTER a ku Russia, BOOTES a ku Spain ndi Las Cumbres Observatory a ku America anamwaza matelesikopu awo kuzungulira dziko.

Kum'mwera kwa dziko lapansi malo oterewa ndi ochepa. Pakati pa Australia ndi Chile pali nyanja zikuluzikulu ziwiri ndi Africa. Kukacha ku Australia koma ku Chile kusanade, thambo la kum'mwera limakhala m'manja mwa South Africa ndi Namibia. Ku Sutherland, m'chigawo cha Northern Cape, kuli SALT, telesikopu ya galasi la mamita pafupifupi 11, pamodzi ndi matelesikopu a MASTER ndi Las Cumbres. Ku Boyden, pafupi ndi Bloemfontein, kuli ina yodziyendetsa yotchedwa Watcher. Ndipo mu July 2003, Berto Monard, munthu woonera nyenyezi mongokonda pafupi ndi Pretoria, anapeza kuwala kotsalira kwa GRB 030725 ndi telesikopu yake ya masentimita 30, akatswiri olipidwa asanakupeze.

Ku Namibia, pa mapiri a Khomas, kuli H.E.S.S., imene imagwira ntchito mwanjira yosiyana ndi zonsezi. Cheza cha gamma champhamvu koposa chikawomba mpweya wa kumwamba, pamatuluka kuwala kobiriwira ngati thambo kumene sikukhalitsa ngakhale kuphethira kwa diso. Magalasi asanu a H.E.S.S., anayi a mamita 12 ndi limodzi la mamita 28, amajambula kuwala kumeneko usiku wa mdima. Pa 29 August 2019 analandira uthenga wa GRB 190829A, anayamba kuyang'ana patatha maola anayi chifukwa chodikira kuti malowo akwere, ndipo anaona chezacho usiku utatu wotsatizana. Ambiri sankayembekezera kuti cheza champhamvu chotero chingapitirire kwa masiku.

Masiku awiri amene njirayi inayesedwa

Pa 17 August 2017, nthawi ili 2:41 masana kuno kwathu, makina a LIGO ku America anamva kugwedezeka kwa mlengalenga kochokera ku nyenyezi ziwiri za neutron zikuwombana. Patangotha masekondi 1.7, setilaiti ya Fermi inaona kung'anima kwakufupi, ndipo INTEGRAL ya ku Ulaya inakuonanso. Fermi imaona kung'anima koposa 200 pa chaka, kochuluka kuposa Swift, koma siloza bwino. Ataphatikiza zimene anapeza ku LIGO ndi ku Virgo, makina ofanana nawo a ku Italy, dera linachepa, komabe mwezi ukanalowamo maulendo oposa 100. Choipanso, mu August dera limeneli limakhala pafupi ndi dzuwa, moti limaoneka kanthawi kochepa dzuwa likangolowa.

Gulu limene linapambana silinasese dera lonse. Linalemba milalang'amba ya m'deralo imene ili pa mtunda umene LIGO inanena, n'kumaijambula umodzi umodzi. Patatha maola pafupifupi 11, telesikopu ya Swope ya mita imodzi ku Las Campanas, Chile, inapeza kadontho katsopano m'mphepete mwa mlalang'amba wa NGC 4993, umene kuwala kwake kumatenga zaka 130 miliyoni kufika kuno. Malo oonera zakuthambo pafupifupi 70 anatembenukira komweko, ndipo SALT inagawa kuwala kwake madzulo a tsiku lotsatira. Kadonthoko kanayamba kobiriwira ngati thambo n'kufiira m'masiku ochepa, monga momwe ankayembekezera ngati m'kuwombanako mukupangidwa zitsulo zolemera za gulu la golide ndi pulatinamu. X-ray anaoneka patatha masiku 9, mafunde a wailesi patatha masiku 16. Kuchedwako kunasonyeza kuti mpita sunaloze kwa ife mwachindunji, tinauonera chammbali. Apa liwiro lokha silikanakwanira. Panafunikanso anthu odekha obwerera pamalo omwewo kwa miyezi.

Tsiku lachiwiri ndi Lamlungu pa 9 October 2022, ndipo limasonyeza kuti njirayi imasokonezekanso. Swift inaona chinthu chowala kwambiri chimene chili m'mzere wa Milky Way, ndipo poyamba anachiyesa nyenyezi ya mumlalang'amba wathu, n'kuchipatsa dzina la mtundu umenewo. Kenako zinadziwika kuti Fermi inali itaona kung'anima mbali yomweyo pafupifupi ola limodzi m'mbuyomo, ndipo kunali kwamphamvu moti zipangizo zake zinalephera kuwerenga. Zimene Swift inayesa kuphulika zinali makala chabe. Very Large Telescope inapeza redshift ya 0.151, ndiye kuti kuwalako kunayenda zaka pafupifupi 2 biliyoni. GRB 221009A ndiyo yowala kwambiri imene inalembedwapo, ndipo akatswiri amawerengera kuti yotere imabwera kamodzi pa zaka pafupifupi 10,000. Inasokoneza mpweya wa kumwamba kwenikweni moti zipangizo zoyeza mafunde a wailesi zinaona kusintha, koma pansi pano palibe munthu kapena chomera chimene chinakhudzidwa.

Pamene pali mipata

Sikuti kung'anima kulikonse kumatsatidwa mpaka kumapeto. Pa kumene Swift imaona, pafupifupi theka lokha ndi kumene kumapezeka ndi kuwala kooneka ndi maso, ndipo mtunda umayezedwa pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Kwina kumabisika ndi fumbi la m'mlalang'amba wake, kwina kumagwa pafupi ndi dzuwa, kwina kumapeza mitambo. Izi zili ndi zotsatira zake: zimene timadziwa zimachokera makamaka ku kung'anima kowala ndi kosavuta kufikira, ndipo akatswiri amayenera kukumbukira zimenezi akamawerengera chiwerengero chonse. Lamulo la masekondi awiri lija nalonso lagwedezeka. GRB 211211A ndi GRB 230307A zinatenga masekondi makumi angapo, koma kuwala kotsalira kunaonetsa zizindikiro za kuwombana kwa nyenyezi za neutron, ndipo pa yachiwiriyo Webb inaona chizindikiro cha chitsulo cha tellurium.

Mpata wina uli kumwamba komweko. Swift ilibe injini yodzikwezera. Inayamba pa mtunda wa makilomita pafupifupi 600, koma mpweya wochepa wa kumeneko wakhala ukuikoka, makamaka zaka zaposachedwa pamene dzuwa lakhala lolusa n'kufufumitsa mpweyawo, ndipo pofika 2025 inali itatsikira pafupi ndi makilomita 400. Mu September 2025 NASA inapereka madola 30 miliyoni ku kampani ya Katalyst Space Technologies ya ku Arizona kuti ipange chombo chokaigwira n'kuikweza, ngakhale kuti Swift sinapangidwe kuti idzagwiridwe ndi chombo china. Masetilaiti atsopano alipo: Einstein Probe ya China inakwezedwa pa 9 January 2024, ndipo SVOM pa 22 June chaka chomwecho. SVOM imatumiza uthenga wake kudzera pa timasiteshoni ta wailesi tomwe taikidwa m'mayiko otentha kuzungulira dziko, ndipo inakonzedwa kuti iziyang'ana mbali yosiyana ndi dzuwa, kuti chimene yaona chizikhala pa thambo la usiku, pamene matelesikopu a pansi angachifikire nthawi yomweyo.